Chodyeramo cha Ngodya Zinayi

Lamlungu, 7 Disembala

Ndabwerako kutchalitchi ndi nseru. Si chakudya ayi.

Misa itatha anati a komiti ndi ife amayi okongoletsa tchalitchi titsale, tione thabwa la Khirisimasi lomwe amuna anga, a Gilford, akhala akusema chiyambire Seputembala. Ine ndinali ndisanalione. Amasemera kushedi kwawo ku Biwi komwe amakhoma mabokosi a maliro, ndipo ine kumeneko sindipondako. Analiimika m'kachipinda kosungiramo ng'oma, atalifunditsa chitenje. Atavundukula, tonse tinayandikira.

Ndi thabwa la mlombwa, lalikulu ngati chitseko chogoneka, anthu ake otumphuka moti chala chimalowa kuseri kwa mapewa awo. Pakati pali phanga. M'phangamo muli mwana womangidwa nsalu kuyambira m'khosi mpaka kumapazi, maso ali otseka, atagona m'chinthu cha ngodya zinayi. Ati chodyeramo ziweto. Ine ndine mkazi wa munthu wokhoma mabokosi, bokosi ndimalidziwa. Mayi wakenso wagona pamphasa, nkhope atayang'ana kwina, ngati mwanayo si wake.

Mwana wathu anamwalira mu Julayi, tsiku lomwe anabadwa. Woyamba. Ine ndinali m'tulo ta opaleshoni, podzuka ndinapeza azimayi atapita naye kale. Sindinamuone. Chiyambire tsikulo a G. sanamutchulepo ngakhale kamodzi, ndiye lero andiimika pamaso pa anthu n'kundionetsa khanda m'bokosi ndi mayi wosaliyang'ana. Ngati ali nane mawu, pakamwa alibe?

Mai Mirriam, wapampando wa amayi, anayang'ana thabwa, kenaka anayang'ana ine. Onse anatembenuka. Ndinatuluka.

Pobwerera a G. amangokamba za matope a m'Kawale muno. Mxii.

Lolemba, 8 Disembala

Makina tsiku lonse. Aliyense akufuna diresi la Khirisimasi, aliyense akufuna mawa. Wina wabwera ndi timadiresi ta mwana wa miyezi isanu, atandizindikira n'kuyamba kupepesa ngati wandiponda phazi. Ndalandira, ndisoka.

A G. ndawaikira chakudya patebulo, ndalowa kuchipinda. Ngati akudikira kuti ndiyambe ndine kufunsa, adikira mpaka imvi.

Lachiwiri, 9 Disembala

Mai Mirriam anabwera pakhonde pomwe ndimasokera, ati angodutsa. Munthu wa ku Area 23 angodutsa mumsika wa Kawale, mvula ili pamutu.

Anakhala pa benchi la makasitomala, n'kundigwira dzanja. Dzanja lonyowa. "Mai Ennie mwana wanga, zomwe tinaona Lamlungu zija ndi malodza. Chimene chija sichingakwere pakhoma. Ife tikalankhula ndi Bambo mfumu, tikanena kuti tikuganizira inu."

Ndinati ine sindinatume munthu. Anati eee, mtima wa mayi sufuna kutuma.

Mayiwa anali m'gulu la omwe anapita ndi mwana wanga kumanda, pamodzi ndi apongozi. Amati maliro a khanda lotere ndi nsenye: azimayi okhaokha, bokosi ayi, nyimbo ayi, mwamuna asayandikire, mayi wake asalire, ukalira sudzaberekanso. Ndinamvera zonsezo, ndinameza misozi. Ndiye lero akundiuza kuti, "Kaja tinakataya kaja kanapita, muziiwala, Mulungu adzapereka wina."

Tinakataya. Munthu wamkulu amamuika, wanga anakamutaya. Mawu omwewo omwe ndimauza ana a landilodi ndikawapatsa zinyalala. Ndikudziwa kuti ndi momwe timanenera tonse, inenso ndinanenapo za ena, koma lero ndinafuna kusanza pa nsapato zawo.

Chonyansa china n'chakuti pa za thabwalo ndikugwirizana nawo. Nanenso sindikufuna kulionanso.

Lachitatu, 10 Disembala

Magetsi kulibe. A G. achoka mbandakucha. Palibe.

Lachinayi, 11 Disembala

Msonkhano wa komiti masana ano, m'kachipinda komwe kaja. Ndinapita chifukwa ndinamva kuti dzina langa likakhalapo, ndiye ndinati nanenso ndikakhalepo.

A Kings, wapampando wa komiti, anayamba ndi kuloza ndi kiyi wa galimoto. Choyamba bokosi. Chachiwiri Yosefe: wakhala yekha pakona, wafulatira phanga, dzanja lili patsaya. "Kwathu kuno wogwira tsaya ndi namfedwa. Mwana wabadwa, bambo akugwira tsaya, tiwauza chiyani akhristu?" Chachitatu anafika m'munsi mwa thabwa, pomwe azimayi awiri akusambitsa khanda m'beseni, nkhope yake itabisika pachifuwa cha mmodzi. Anawerenga ndi kiyi uja, m'phanga mmodzi, m'beseni mmodzi. "Abambo mfumu, mutithandize. Ambuye anabadwa mapasa?"

Ndikanakhala bwino ndikanaseka. Mayi wina anawonjeza kuti mapasawo si nkhani, nkhani ndi yakuti mwamuna wazidziwa bwanji za m'chikuta mpaka kuzisema, ana azidzaona.

Bambo mfumu anatulutsa foni n'kutionetsa chithunzi cha mwala wosema wakalekale womwe anauona ali kusukulu kunja. Ndi iwo anapatsa a G. chithunzicho. Anafotokoza bwino, ndisaname. Ati akhristu akale ankasema dala chodyeramo ngati manda, nsalu ngati za maliro, phanga lobadwiramo ngati phanga loikidwamo, kuti woona adziwe kuti mwanayu anabadwira kudzafa. Ati mwana aoneka kawiri chifukwa akale ankaika nkhani yonse pamalo amodzi, kubadwa apa, kusamba apa, ndipo beseni likukumbutsa ubatizo. Ng'ombe ndi bulu zomwe zili m'phangamo, ati m'nkhani ya kubadwa mulibemo, anazitenga m'mawu a mneneri wina, kuti nyama zinamudziwa mwini wake anthu asanamudziwe. Yosefe wakhala patali chifukwa mwanayo sachokera kwa iye, ndipo mtima ukumuvuta.

A Kings anangomva chimodzi. "Ndiye kuti ng'ombe ndi yongowonjezera? Ndiye bola tiikepo mbuzi." Koma ng'ombe anaisiya, ati anthu anaizolowera.

Apa Mai Mirriam anaimirira. Ati zakalezo n'zabwino, koma tili ndi mwana wathu pano yemwe chilonda chake sichinapole, kodi Lamlungu lililonse aziyang'ana bokosi? Onse "Zoona, zoona," maso pa ine, mitu yopendeka. Palibe anandifunsa. Ndinakhala ngati katundu wa umboni kukhoti.

Ndinayembekeza kuti Bambo mfumu alimba, poti chithunzi chinachokera kwa iwo. Anabweza foni m'thumba n'kunena kuti tchalitchi ndi cha akhristu, iwo sangakakamize. Kufuna kukondweretsa akale ndi a komiti omwe. Mapanga awiri avumbwitsa, koma wovumbwa si iwo.

Chigamulo: pofika Loweruka la pa 20, chodyeramo chisanduke dengu lozungulira, mwana atsegule maso, amwetulire, manja atuluke m'nsalu. Dzanja la Yosefe lichoke patsaya. Azamba achoke, pakhale nkhosa.

A G. nthawi yonseyi anali ataima kukhomo, chipewa m'manja. Atawafunsa anangoti, "Chabwino."

Lachisanu, 12 Disembala

Chomwe ndinkafuna chachitika, bokosi lichoka. Nanga bwanji sindikukondwa? Walira mvula walira matope.

"Chabwino." Miyezi yonseyi akubwera ndi zala zochekeka, n'kungoti chabwino ngati awauza kuti asunthe njinga. Ngati chinali chopanda ntchito anasemeranji? Ngati chinali cha ntchito bwanji sanatsegule pakamwa?

Loweruka, 13 Disembala

Wina anajambula thabwa lija n'kuliponya pa gulu la watsapu la mphakati. Pansi pake: "Wamabokosi waika Yesu m'bokosi, bizinesi isaime." Tinkhope toseka mbwee. Anthu omwewo omwe amandipendekera mitu. Zandinyansa moti tiyi ndamukhuthula.

Zaituni, mnzanga wogulitsa zitenje pafupi ndi makina anga, anandilanda foni kuti aone chomwe chandikwiyitsa. Iye ndi Msilamu, za komiti yathu sizimukhudza. Anakulitsa chithunzi ndi zala, n'kuti, "Iii, koma kamangidwe aka ndi ka nsanda ndithu. Amuna ako anaona kuti?" Ndinati ati n'zakale. Anati kwawo khanda likangopumako, ngakhale pang'ono, amalisambitsa, kuliveka nsanda, kulipempherera, ndipo bambo ake amanyamula ndi manja awo. Ananena mosaganiza, kenaka anadzigwira pakamwa. Ndinamuuza kuti asapepese, ndatopa ndi opepesa.

Ndinamulozera Maria. Ndinati taona, amene uja ndi ine, mayi wosayang'ana mwana wake, akundinena kuti ndinagona mwana akufa. Zaituni anayang'anitsitsa n'kuti, "Iwe Ennie, maso ako ali bwino? Sakuyang'ana kwina ameneyu. Akuyang'ana mwamuna wake pakonapo."

Ndinatsatira ndi chala. N'zoona. Koma zimenezo mwina zinali kale pamwala wa Bambo mfumu, sindikudziwa. Ine a G. sindinawayang'ane choncho chiyambire Julayi, ndipo sindikuona chifukwa choyambira lero.

Lamlungu, 14 Disembala

Pa mapemphero a akhristu wina anapempherera "mlongo wathu yemwe wakumbutsidwa chisoni chake." Tchalitchi chonse kutembenuka. Ndinafuna pansi patseguke.

A Kings abwera ndi chinsalu chapulasitiki chogula m'tauni, ati chongoyembekezera ngati thabwa lichedwa. Mwana wake ndi wonenepa, tsitsi lachikasu, mano ngati atuluka kale, manja ali m'mwamba ngati akuimitsa minibasi. Amayi akuti koma ndiye kukongola. Amene uja sanatuluke m'mimba mwa munthu.

Lachiwiri, 16 Disembala

Ndalephera kupirira. M'mawa uno akumanga zingwe za nsapato ndinafunsa, "Bwanji munangoti chabwino?"

Sanadzutse mutu. "Ati zikukupwetekani."

"Munandifunsa ine?"

"Ayi."

"Posema munandifunsa?"

"Ayi."

Ndinayamba kukhuthula. Kuti andichititsa manyazi, kuti ndasanduka nkhani pa watsapu, kuti miyezi yonseyi akungodya n'kugona ngati m'nyumba muno simunachitike kanthu, kuti ine ndinatsala madzi amodzi iwo n'kubwerera kukakhoma mabokosi a anthu ena sabata yomweyo. Anamvetsera mpaka ndinatha mpweya. Kenaka anati, "Inu munandifunsapo ine kuti tsiku lija ndinali kuti?" Anatenga njinga n'kupita.

Ndikudziwa komwe anali. Panja, komwe amuna amakhala. Funso lanji limenelo?

Lachitatu, 17 Disembala

Ndasoka dzanja la diresi chadodolido, ndasomola, ndasokanso chimodzimodzi.

Lachinayi, 18 Disembala

Rejoice, mlamu wanga, mchemwali wawo wa a G., anabwera kudzayesa diresi lake. Ameneyu pakamwa pake sipakhala chinthu, n'chifukwa chake ndimamukonda. Ndili ndi mapini kukamwa, ndinamufunsa kuti achimwene ake anali kuti tsiku lija. Anati alamu, mayi anatiletsa. Ndinati ndikubaya pini.

Nazi zomwe wanena, ndilembe ndisanazisokoneze.

Azimayi akutuluka ndi mwana pageti la chipatala, atamukulunga m'chitenje, a G. anawatsekera njira. Anapempha kuti adikire akakhome kabokosi, matabwa alipo, sikatenga nthawi. Apongozi anakana, ati nsenye siiona bokosi, ufuna mkazi wako atseke mimba? Ndiye anapempha kuti angomuona. Anakananso, ati mwamuna saona zimenezi. A G. anagwada. Pageti, pamaso pa a kabaza ndi ogulitsa nthochi, manja atatambasula. Rejoice akuti sanawaonepo choncho chibadwire.

Yemwe ananyamula mwana anali Mai Mirriam. Ati anayang'ana uku ndi uku, n'kutsegula chitenje kumutu kokha. A G. anayang'ana. Apongozi anakuwa, Mai Mirriam anatseka, napita. Pambuyo pake anagwirizana kuti ine ndisauzidwe, ati ndingayambe kufunsa kuti amaoneka bwanji, ndingalire.

Ndinalavula mapini. Ndinafunsa kuti iye thabwalo analiona? Anati analiona ku Biwi lisanapakidwe vanishi. Ndinati ndiye? Anayamba kulira m'diresi losamaliza, n'kuti, "Alamu, ine ndinangomuona kamodzi, sindingalumbire. Koma Mai Mirriam aja si bokosi lomwe likuwaopsa."

Anthu onsewa, apongozi, Rejoice, Mai Mirriam, ngakhale a kabaza, anamuona mwana wanga. Ine ndinamunyamula miyezi isanu ndi inayi. Ndiye amabwera kudzandigwira dzanja. Ndanyansidwa ndi onse, ndi a G. omwe, chifukwa anasunga nkhope ya mwana wanga m'mutu mwawo n'kukaipereka ku thabwa m'malo moipereka kwa ine.

Lachisanu, 19 Disembala

Ndakulitsa chithunzi cha pa watsapu mpaka changosanduka timabokosi tofiirira. Nkhope sikuoneka. Lamlungu lija ndinangoona ngodya zinayi n'kuthawa, kumaso sindinayang'ane.

Ndinapita kutchalitchi masana, kachipinda n'kokhoma, kiyi ali ndi a Kings. A G. ndalephera kuwafunsa. Ndawaona akunola matchizulo pakhonde. Ati mawa m'mawa akasintha thabwa lija.

Loweruka, 20 Disembala

A G. anachoka ndili kubafa, dala. Ndinavala ndisanaume n'kukwera kabaza.

Ndinapeza kwaya ikuyeserera m'tchalitchi, amayi akukolopa. M'kachipinda muja a Kings anali ataima ndi kiyi wawo ngati kapitawo. A G. anali atayamba kale. Anayambira Yosefe. Dzanja linali litachoka, patsaya patatsala chipsera choyera, tizipalapasa tili pansi.

Ndinati a Kings, tatulukani. Anati Mai Ennie, tikuchitira inu zimenezi. Ndinati ngati n'zochitira ine ndiye tulukani. Anatuluka.

Ndinagwada pafupi ndi phanga. Ng'ombe ndi bulu zaweramira m'chodyeramo, milomo pafupifupi kukhudza nsalu. Nkhope yake ndi yaing'ono, chikhato changa chikhoza kuiphimba. Chipumi chotuluka ngati cha bambo anga. Mlomo wam'mwamba wotukuka pang'ono, ngati wanga. Pa chithunzi cha Bambo mfumu chija mwana analibe nkhope yeniyeni, anali kamutu chabe.

Ndinafunsa, "Ndi iyeyu?"

A G. anayang'anitsitsa nkhopeyo. Kenaka anati, "Mphuno ndinalephera. Inali yaing'ono kuposa pamenepa."

Ndinalira. Osati zomeza zija ayi, ndinakuwa moti kwaya inasiya nyimbo pakati. Amayi anathamangira kukhomo ndi zokolopera, wina akuti mugwireni pakamwa, zimenezi salira, adzivulaza. Ndinamva Mai Mirriam akuti, "Musiyeni." Anaima pakhomo, msana kwa ife, osalola munthu kulowa. Sindinawakhululukire, koma ndalemba kuti anatero. A G. anagwada pambali panga, tchizulo chili m'manja, mapewa akugwedezeka.

Nditatha ndinavula chitenje n'kufunditsa thabwa. A Kings anayamba za chigamulo cha komiti. Ndinati chinsalu chawo chapulasitiki chilipo, akoloweke chimenecho, mwana wake akumwetulira kale. Ndinati uyu simumutayanso. Bambo mfumu anali ataima pakhonde, anangopatuka kuti tidutse.

Tinalikweza pa wilibala ya mlonda. A G. akukankha, ine nditagwira m'mbali kuti lisagwere m'matope, Kawale yense akutiyang'ana.

Tsopano lili pabalaza, latsamira khoma, tinachita kusuntha kabati. Masana ano a G. anatenga katchizulo kakang'ono kuposa onse, n'kuima nako pafupi. Anafunsa ngati ndingalole akonze mphuno yokha.

Ndinakoka mpando. Ndinati konzani, koma pang'onopang'ono, muzindiuza.